Samutsani Duwa

Bambo amene aliyense pa ofesipo amawaitana kuti a Duwa ndi aafupi, a dazi, a mapewa ngati a munthu wotsitsa matumba a simenti. Mukawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato zawo zopolishidwa mopitirira muyeso, simupeza pamene pangakukumbutseni duwa. Koma dzinalo linawakakamira, moti akalaliki obwera kumene amayesa ndi la pachiphaso, ndipo pabolodi la opita kutchuthi limalembedwa choncho popanda woseka.

Ntchito yawo ndi umesenjala, pa nthambi ina ya boma imene ntchito yake yaikulu ndi kulandira makalata ndi kuyankha kuti yawalandira. Nyumbayo ndi yosanja. Pansi pali kaundula, chipinda cha zidindo ndi benchi lalitali la anthu odikira. Pamwamba pali mabwana ndi kapeti. Pakati pali masitepe makumi awiri ndi awiri, ndipo a Duwa akhala akuwakwera ndi kuwatsika kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, fayilo ili kukhwapa. Anayamba akadali ndi tsitsi. Anakwatira, ana atatu anabadwa, anakula, anachoka, iwo ali pamasitepe omwewo. Mabwana asanu ndi awiri anabwera ndi masomphenya awo n'kubwerera nawo osamasula. Pa zaka zonsezo chimene a Duwa amanyadira n'chimodzi: sanatsegulepo fayilo imene atumidwa kunyamula.

"Mesenjala ndi envelopu," amatero. "Munaionapo envelopu ikuwerenga kalata?"

Dzina lija linabwera chonchi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo kunafika mayi wina, katswiri wotumidwa kudzaphunzitsa nthambiyo kugwira ntchito mwachangu. Anakhala zaka ziwiri. Changucho sichinamere, koma pochoka mayiyo anasiya miphika iwiri pazenera la bwana wamkulu, ya maluwa a mtundu wa okidi otchedwa katileya. Ndi chomera choti ukachiona chilibe maluwa umafunsa kuti akuchisungiranji: timatsinde totupa ngati nthochi zowonda, kalikonse kali ndi tsamba limodzi lolimba ngati lilime la nsapato, ndi mizu yoyera yonenepa yolendewera kunja kwa mphika ngati ikufuna kuthawa. Koma kamodzi pachaka chimamasula maluwa aakulu ngati chikhatho, a mtundu wa pepo, onunkhira mpaka pamasitepe, ndipo kwa masabata atatu ngakhale obwera kudzadandaula amayamba ndi moni.

Mayiyo anawasiyira a mesenjala malangizo a mphindi zisanu, galimoto ikulira panja. Za madzi ndi za dzuwa anagwira, zinazo zinapita ndi utsi wa galimoto. Patapita miyezi itatu chisoni chinawagwira poona mizu ili pamtunda ngati ana ogona opanda chofunda. Anatenga duwa limodzi n'kuliwokera m'ndowa yaikulu ya dothi lakuda ndi manyowa, monga angachitire munthu aliyense wamtima wabwino ndi phwetekere. Duwalo linathokoza mwa kuola. Linatenga miyezi iwiri kufa, tsamba limodzilimodzi, iwo akuona.

"Ndinalipha ndi chifundo," amatero mpaka lero, ndipo sasekera.

Lotsala lija analiopa. Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu ankapita kwa nkhalamba ina yogulitsa mbande kuseri kwa msika, kuithandiza kuthirira kuti aziifunsa mafunso. Anaphunzira kuti kwawo kwa duwali ndi pamitengo, dothi silidziwa. Limafuna makungwa ndi makala, ndi mphika wothina. Anaphunzira kuti limayenda: chaka chilichonse limaponya mphukira imodzi patsogolo pa ya chaka chatha, phazi limodzi pachaka, mpaka likafike m'mphepete mwa mphika n'kuponda m'malere. Likafika pamenepo ndi nthawi yoganiza zolisamutsa, osati yolisamutsa. Tsiku lenileni limanena lokha. Patsinde pa mphukira yatsopano pamatuluka timizu, tinsonga tobiriwira ngati mitu ya machesi. Ukafulumira timizuto tisanatuluke, mizu yakale imene waisokoneza imafa ndipo palibe yogwira m'malo mwake. Ukachedwa titatalika, timathyoka ngati choko. Pakati pake pali sabata imodzi, mwina ziwiri. M'zaka khumi ndi zisanu a mesenjala analisamutsa kasanu, silinadwale, ndipo penapake m'zaka zimenezo dzina lawo lenileni linasowa ntchito.

Bwana wachisanu ndi chitatu anafika chaka chatha, wamng'ono poyerekeza ndi mpando wake, wa madigiri awiri, waulemu ndithu. Ku semina ina anaphunzira kuti lamulo la pakamwa ndi mphepo, choncho chilichonse amalemba pa timapepala tachikasu tomata, m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ngati munthu wokuwa ali kutsidya. Sabata imene anafika n'kuti kulikulu kutachokera chikalata chouza nthambi zonse kuti antchito achuluka kuposa malo, mabwana ayang'ane amene angatumizidwe kwina.

Tsiku lachitatu la mwezi bwanayo anayang'ana pazenera, naona mphukira italendewera kunja kwa mphika. Anaona bwino. Anatenga kapepala n'kulemba:

SAMUTSANI DUWA MWEZI UNO USANATHE. MALO ACHEPA.

Anasaina. Sekilitale, mayi amene akanadziwa kumene kapepalako kayenera kupita, anali atapita kukazulitsa dzino. Bwana anakamata mkati mwa chikuto cha fayilo imene inali pamwamba m'thireyi, poganiza kuti mayiwo akabwera akapeza. Fayilo ya pamwambayo inali ya chikalata cha kulikulu chija. Nthawi ya 11 a Duwa analowa, anagwada pang'ono ngati mwa masiku onse, anaiika kukhwapa n'kutsika nayo masitepe makumi awiri ndi awiri kukaipereka kwa mkulu woona za antchito.

Mkulu ameneyu amatchedwa a Ndondomeko. Ndi aatali, owonda, zolembera zitatu m'thumba la malaya, yakuda, yabuluu ndi yofiira, ndipo sanalakwitsepo chilichonse chibwerere pantchito, chifukwa kwa iwo cholakwa chimene chapatsidwa nambala chasiya kukhala cholakwa. Fayilo imatha kugona patebulo pawo miyezi inayi. Iyi yokha, poti inali yoyamba ya bwana watsopano, anaigwira ngati yamoto. Pofika pa 9 mwezi womwewo kalata inali itatuluka: a mesenjala asamukire ku ofesi ya kumalire, ulendo wa masiku awiri pabasi, akaonekere kumeneko tsiku loyamba la mwezi wamawa.

Kalata imeneyi a Duwa anaitsegula, poti inali yawo. Anaiwerengera pasitepe ya pakati, anakhala pansi pomwepo, ndipo tsiku limenelo anthu ankawalambalala ngati mwala wa panjira. Zinawatsalira zaka ziwiri kuti apume. Nyumba yawo ya zipinda zitatu anaimanga kwa zaka khumi, chipinda chimodzichimodzi. Pakhonde pake ndi pamene mayi a kunyumba amasokera mayunifomu a ana a sukulu, ndipo chipatala chimene mayiwo amakatenga mankhwala a shuga chili pamtunda woyenda mphindi khumi.

Mayi anaiwerenga kalatayo phazi lili pachopondera cha makina.

"Mwalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Munthu sasamutsidwa ulele. Mwatukwana ndani?"

"Ine mayi? Kutukwana?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Mukanatukwanako kamodzi bwenzi akukuopani." Anaipinda kalatayo n'kuiika pansi pa sizasi. "Ine ndikuuzirenitu. Makasitomala anga ali kuno, adokotala anga ali kuno. Sindipita. Munyamule duwa lanu lija lizikakuphikirani."

M'mawa mwake sekilitale anabwera tsaya lidakali lotupa, ndipo bwana anawafunsa chifukwa chake duwa lidakali mumphika womwewo pamene lamulo linatuluka sabata yatha. Mayiwo anayang'ana bwana, anayang'ana zenera, anayang'ana a mesenjala amene ankapukuta tebulo maso ali ofiira, kenako anaseka mpaka kugwira tsaya chifukwa cha ululu. Nkhani itamveka bwana nayenso anaseka, mochita manyazi.

"Madala, pepani kwambiri. Ine ndimanena ilo. Sindimadziwa n'komwe kuti muli awiri."

"Mukanalemba kuti wokerani, bwana," anatero sekilitale, "palibe akanawawokera bambowa."

Bwana anaitanitsa a Ndondomeko kuti afafanize kalatayo. A Ndondomeko anamvetsera zonse ataima, osaseka.

"Bwana, kalatayo ili ndi nambala, ndipo kope lake lapita kale kulikulu. Kuti tiifafanize tiyenera kulemba kuti wina walakwitsa. Inu simungalakwitse, ndinu mutu wa nthambi. Ine sindinalakwitse, ndatsata zimene munalemba. Ndiye walakwitsa ndani?"

Maso onse anapita kwa amene ananyamula fayilo.

"Koma njira ilipo," anapitiriza a Ndondomeko, atasiya kanthawi kuti anthu amve kulemera kwa lamulo. "Kapepala kakuti samutsani duwa. Sikakunena kuti duwa lake ndi liti. La mumphikali likasamuka mwezi usanathe, ine ndikuona ndi maso, ndilemba kuti lamulo lakwaniritsidwa, ndipo kalata ija igwa yokha. Likapanda kusamuka, otsala ndi awa."

"Basi, yatha," anatero bwana, mtima utakhala pansi. "Madala, pezani mphika, mulisamutse lero."

A Duwa anaika manja kumbuyo. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi mawu awo m'chipinda chimenechi anali akuti chabwino bwana.

"Bwana, pepani. Lero ayi."

"Mawa?"

"Mawanso ayi."

"Nanga liti?"

"Likanena lokha."

Bwana anayang'ana sekilitale ngati kufunsa ngati bambowa amamwa. A Duwa anapita pazenera n'kuloza ndi chala chaching'ono.

"Malo achepadi, pamenepo bwana mwaona bwino. Koma taonani apa, patsinde pa mphukira yatsopanoyi. M'posalala, palibe muzu ngakhale umodzi. Ndikalizula lero, mizu yakaleyi ifa, yatsopano kulibe. Likhala mumphika watsopano ngati mlendo wosapatsidwa mpando."

"Ndiye mizuyo ituluka liti?"

"Chaka chatha inatuluka chakumapeto kwa mwezi uno. Chaka chinacho inachedwa ndi masabata atatu."

"Mwezi uno uli ndi masiku makumi atatu," anatero a Ndondomeko. "Sindinaupange ndine."

Bwana akanatha kulamula kuti duwalo lizulidwe pomwepo ndi wina aliyense. Koma anali atangoona chimene kapepala kake kamodzi kachita, ndipo kwa masiku angapo dzanja lake linkaopa cholembera. Anangoti, "Madala, mutu ndi wanu," n'kupita kumsonkhano.

Masiku makumi awiri otsatira nthambi yonse inapeza ntchito. Akalaliki amene sanakwerepo pamwamba ankabwera ndi zifukwa zosiyanasiyana kudzasuzumira pazenera. Pabenchi la pansi anthu odikira zidindo anaimva nkhaniyo n'kugawikana, ena akuti bambowo ndi munthu wa mfundo, ena akuti ndi chitsiru, ndipo mayi wina amene wakhala akudikira chilolezo chake kuyambira chaka chatha anati n'zosangalatsa kumva kuti pa ofesi imeneyi pali chinthu chimene chili ndi tsiku lomaliza. Sekilitale anayesa nzeru zake. Ananyamula mphikawo kuuchotsa pazenera la kumanja n'kuuika pa la kumanzere, n'kuitana a Ndondomeko.

"Lasamukatu ili. Lembani."

"Uku ndi kusuntha," anatero a Ndondomeko. "Kusamuka ndi kusiya nyumba. Nyumba yake ndi mphika."

A Duwa anaubweza mphikawo pamalo pake, chifukwa pazenera la kumanzere pamawomba dzuwa la masana.

"Malume," anatero sekilitale tsiku lina atatseka chitseko, "ine ndimakulemekezani, koma apa mukuonjeza. Lizuleni basi. Likafa tisonkherana tigule lina."

"Lina likhala lina."

"Nanga mesenjala wina sakhala wina?"

 M'mawa uliwonse, asanaphike tiyi wa bwana, a Duwa ankagwada pakapeti, kuvala magalasi n'kuyang'ana patsinde pa mphukira. Masana ankayang'ananso. Kuthirira sanaonjeze, poti duwali ukalikakamiza ndi madzi limaola. Anakagula makungwa a paini, anawadula tizidutswa ngati chala cha m'manja, anaswa makala, anasankha mphika wadothi wa mabowo m'mbali, n'kuziika zonsezo pansi pa masitepe pamene amasungira tsache. Kenako kudikira. Anthu a m'boma amadziwa kudikiritsa ena. Kudikira okha sakuzolowera, ndipo nthambi yonse inayamba kuwonda.

Cholakwa chachikulu chimene a Duwa anachita n'chakuti anakawauza mayi kunyumba zoona zake zonse. Lachinayi la sabata yachitatu, pochokera kuchipatala, mayiwo anatulukira pa ofesi, ambulera m'manja, n'kukwera masitepe amene amuna awo awakwera moyo wawo wonse, akupumira pakati. Bwana anali kumsonkhano. Sekilitale anawatsegulira chitseko mwansangala, ngati munthu amene wapeza mpando wakutsogolo.

"Mkazi mnzangayo ndi ameneyu?" anafunsa mayi ataima pazenera. "Wowonda chonchi? Ine ndimayesa ndi chiphadzuwa."

"Mayi, tsitsani mawu, muno ndi mu ofesi."

"Ofesi yakuthamangitsani kale, mukuopanso chiyani?" Anakhala pampando wa alendo, ambulera pamiyendo. "Bambo, ndikufunseni pamaso pa mboni. Pa 30 pakafika, timizu tanuto kulibe, mudzatani?"

A Duwa anapukuta tsamba limene anali atalipukuta kale.

"Ndidzaona."

"Mudzaona." Mayi anatembenukira kwa sekilitale. "Mwamva, achemwali? Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi munthu womvera. Kani makani onse amasungira tsiku limodzi, adzawatulutsire pa udzu."

"Ndinapha limodzi kale, mayi. Munaona mmene ndinalili."

Zimenezo mayi anazionadi. Kenako anatulutsa magalasi awo osokera m'chikwama.

"Pomwe mukuyang'anapo ndi pati?"

Anawalozera. Mayi anawerama mpaka mphuno kukhudza mphika.

"Apa patupa."

"Pati?"

"Apa, cha kumunsi. Pawiri."

"Ine sindikuonapo kanthu."

"Inu mungaone? Ine ndimalowetsa ulusi m'singano tsiku lonse, ndilephere kuona chotupa?" Anavula magalasi n'kuimirira. "Sindikuti ndi mizu. Mwina ndi matenda. Ndikanakonda atakhala matenda."

Anatsika masitepe osatsanzika. A Duwa anagwada pomwepo mpaka mawondo kuchita dzanzi, osaona kalikonse.

Pa 24 panalibe kanthu. Pa 25 a Ndondomeko anatumiza fomu ya ulendo kuti a mesenjala asaine, ndi kufunsa ngati katundu wawo angakwane pa lole yaing'ono. Pa 26 bwana anabweretsa mphika umene anagula ndi ndalama zake, waukulu ngati beseni losambitsira mwana, wa mkombero wagolide, n'kuuika pakati pa ofesi, monga amachitira munthu woonetsa mlendo chitseko mwaulemu.

Pa 27 m'mawa sekilitale anafika n'kupeza a Duwa atakhala pakapeti, miyendo atatambasula, nsana atatsamira khoma, magalasi ali m'manja. Anayesa adwala.

"Malume?"

"Taonani inu. Maso angawa mwina akundinamiza."

Mayiwo anawerama. Patsinde pa mphukira, cha kumunsi, pawiri pamene mayi a kunyumba analoza, panali tinsonga tiwiri tobiriwira tonyezimira, ndi kachitatu kakungoyamba kuboola.

"Ndi timeneti? Tonse tavutikira timeneti?"

"Ndi timeneto."

"Ndiye dzukani, tengani mphika!"

"Mawa. Makungwa agone m'madzi kaye."

Sekilitale anayang'ana sitepala imene inali m'manja mwawo, anaganiza zowagenda nayo, n'kuiika pansi.

Mwambowo unachitika pa 28, kuseri kwa nyumba, pampope pamene amatsukira makapu. A Ndondomeko anabwera ndi fayilo ndi zolembera zonse zitatu. Bwana anabwera ndi foni yojambulira, ndi mlonda atasenza mphika wagolide. A Duwa anauyang'ana mphikawo mwaulemu wonse.

"Bwana, ndi wokongola kwabasi. Muikemo maambulera a alendo."

"Si munati malo achepa?"

"Munatero ndinu, bwana, ndipo munanena zoona. Koma likufuna malo a mapazi awiri okha, a chaka chino ndi chamawa. Mukalipatsa nyumba yaikulu, makungwa sauma, mizu imaola."

"Ngati mabwana ena," ananong'ona sekilitale, koma mokweza.

Mphika wakale a Duwa anauviika m'ndowa kwa theka la ola kuti mizu yomatirira kukhoma lake ifewe. Kenako anazungulitsa mpeni wopyapyala m'kati mwa mkombero, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo. Mizu yakunja anaimatula ndi chala chachikulu, umodziumodzi. Duwalo linatuluka lonse pamodzi, mizu itapota mawonekedwe a mphika. Makungwa akale anali atafumbwa, akuda, onunkha chinyontho. Anawagwedeza, anatsuka pampope, anawotcha sizasi pa machesi n'kudula mizu yofewa ya bulauni, yoyera yolimba n'kuisiya. Timatsinde tiwiri takumbuyo, touma topanda masamba, anatichotsa.

"Amenewo apuma pantchito," anatero sekilitale.

"Pa nthawi yake," anayankha a Duwa osadzutsa mutu.

Pansi pa mphika watsopano anaika mapale. Mbali yakale ya duwa anaigunditsa kukhoma la mphika, mphukira yatsopano kuloza pakati pamene pali malo oyendamo. Makungwa ndi makala anathira m'mbali, akutsendera ndi zala, koma pafupi ndi tinsonga titatu tija zala zawo zinkayenda ngati za munthu wonyamula dzira losweka. Tsinde lokwawalo analisiya pamwamba, losakwiriridwa. Anazika kandodo, anamanga ndi waya wofewa, kenako anagwira duwalo n'kulikweza pang'ono, ndipo mphika unakwera nalo limodzi.

"Lagwira."

"Simuthirira?" anafunsa bwana.

"Sabata ino ayi. Mabala apole."

A Ndondomeko anayang'ana mumphika wakale kutsimikiza kuti mulibedi kanthu, anayang'ana watsopano kutsimikiza kuti muli kanthu, n'kutsamiritsa fayilo pakhoma. Anasankha cholembera chakuda. Analemba tsiku, nambala, ndi mzere umodzi, n'kuwerenga mokweza monga lamulo lifunira:

"Ndikutsimikiza kuti lero, ine ndikuona, Duwa wasamutsidwa."

Bwana anagwedeza mutu n'kutambasula dzanja kuti asaine.

"Imani!" anakuwa sekilitale. "Wa chiyani? La! Lasamutsidwa! Mukufuna tiyambirenso?"

A Ndondomeko anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kufafaniza chilembo ndi kuvomera kuti chinalakwika. Pomaliza anang'amba pepalalo bwinobwino, analipinda kanayi, analiika m'thumba la malaya kuseri kwa zolembera, n'kulemba lina, "duwa" ndi chilembo chaching'ono, "la" atamudula mzere kunsi ndi cholembera chofiira.

"Loyambalo linali loyeserera," anatero.

Kalata yothetsa kalata inatuluka tsiku lomwelo nthawi ya 3, liwiro limene nthambiyo sinalionepo ndipo sikuyembekezera kulionanso. Bwana anawauza a Duwa kuti aweruke msanga, ndipo anawauza pakamwa.

Anafika kunyumba dzuwa lidakalipo. Pakhonde panalibe makina. Atalowa anapeza mazenera ali mbee, makatani onse atatsitsidwa n'kupindidwa pampando. Mutu wa makina osokera unali utamasulidwa n'kukulungidwa m'bulangete, utamangidwa ndi chingwe. Pansi panali makatoni atatu, ndipo mayi anali atakhala pamphasa, akukulunga makapu m'nyuzipepala, imodziimodzi.

A Duwa anaima pakhomo, kalata ili m'manja.

"Mayi, si munati simupita?"

"Ndani wati ndikupita? Ndikuchapa makatani."

"Nanga makapuwa?"

"Fumbi."

Anawapatsa kalatayo. Mayi anapukuta manja pachitenje, anavala magalasi, anaiwerenga mpaka pansi, anaitembenuza kuona ngati kuseri kuli zina, anaiwerenganso. Kenako anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo umene amakana kuti wasenza.

"Inali mizu?"

"Inali mizu. Pomwe munaloza paja."

"Ndiye mukaima pamenepo ngati mlendo, makataniwa adzipachika okha?"

A Duwa anavula jekete, anakoka mpando n'kukwerapo. Mayi anayamba kumasula makapu, n'kumawauza ali chikhalire kuti katani imene atengayo ndi ya kuchipinda.